Galimoto Imene Inadya Chigayo cha Ababa

Springburn, Glasgow
20 Okutobala 2019

Okondedwa Ababa,

Choyamba ndifunse za moyo wanu, kuti mukudzuka bwanji kumeneko pa Kampepuza, inu pamodzi ndi mng'ono wanga Tione ndi ana ake. Bondo lija likukulolani kupita kumunda? Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba msanga chaka chino, mvula nayo siikupuma.

Ndikulemba papepala monga tinapanganirana, chifukwa pafoni timangokhala ngati tikukangana, ine kukuwa, inu "wati chiyani?" mpaka mayunitsi kutha. Chigayo chija chinakutherani makutu ndithu. Kalatayi ndiijambula n'kutumiza pafoni ya Tione, iye akaisindikize pamsika kuti muziwerenga nokha modekha.

Ndatumiza K130,000. Mugule feteleza matumba anayi asanakwere, yotsalayo Tione akugulireni mankhwala a bondo ndi malata awiri otseka podontha paja. Asagulenso mbewu ya pamsika yopaka utoto ija, tinalira nayo chaka chatha.

Tsopano pali kankhani, koma musadzidzimuke, sindinavulale. Lamulungu la pa 6 mwezi uno, titaweruka kutchalitchi ku Maryhill, ndinaima pa maloboti kufupi ndi mlatho wa pangalande. Ndinangomva kuti phuu! kumbuyo, mutu wanga n'kukagunda mpando. Ndinatsika mawu ali kale pakamwa, mukundidziwa inu mmene ndimachitira ndikapsa mtima. Kuyang'ana mu vani imene yandigundayo, ndi a Nkhwazi. Inde, mkulu wampingo amene anakandichingamira kubwalo la ndege, n'kundisunga kwawo miyezi inayi osandilipiritsa ngakhale ya sopo. Mawu onse aja ndinameza. Akuti matayala anaterereka pa masamba onyowa. Foni inali m'manja mwawo, koma zimenezo tizisiye.

Kumbuyo konse kwa galimoto kwalowa mkati, buti siikutsekeka. A inshuwalansi awo avomera kukonzetsa, ndipo andibwereka kagalimoto kena kuti ndizipitira kuntchito. Khosi limandiwawa ndikamadzutsa odwala pabedi, koma lipola.

Chimene chikundipweteka n'choti galimoto imeneyi ndi chigayo chanu. Sindinaiwale tsiku limene munachigulitsa kwa Clifton, mwana wa achemwali anu, kuti ine ndigule galimoto, popeza ntchito yoyendera nkhalamba m'makomo mwawoyi salemba munthu woyenda pansi. Munagaya ufa wa anthu zaka makumi atatu pamalo amenewo. Lonjezo langa silinasinthe: ndigwira ntchito, ndisunga, kenako ndigulitsa galimoto n'kuwonjezera, chigayo chibwerere m'manja mwanu. Clifton anavomera pamaso panu kuti akamadzagulitsa adzayamba watifunsa ife. Muzimukumbutsako mwanthabwala mukakumana.

Mundipatsire moni a Nachisale ndi onse a pamudzi.

Ndine mwana wanu,
Vainess


8 Malichi 2020

Ababa okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli athanzi ndipo chimanga chikukhwima bwino. Ine ndikudzuka, khosi linasiya. Kalata yanu ndinaiwerenga katatu. Mwati ndisakangane ndi munthu amene anandidyetsa ndili mlendo, komanso mbale wa mumpingo satengeredwa kukhoti. Ndamva, ndipo mumve mmene ndatsatira mawu anu.

Galimoto inatuluka kugalaja mu Disembala ikunyezimira kuposa kale, moti munthu sangadziwe kuti inagundidwa. Mwezi watha ndinati ndikangofunsako mtengo kwa ogulitsa magalimoto, ndidziwe pamene ndaima. Bambo wake anaizungulira, anagwada kusuzumira kunsi, anagunditsa kachipangizo kake pa penti, n'kunena kuti chitsulo cha pansi chinachita kuwongoledwa. Akuti inzake yosagundidwa angagule mapaundi 9,500, koma yangayi 6,200 basi. Ndinapita kwina kuwiri, yankho lomwelo. Abale inu, mapaundi 3,300 kungosungunuka ine nditaima phee pa maloboti! Kumudziko ndi mamiliyoni atatu, pafupifupi theka la chigayo.

Mkulu wa pagalaja, mzungu wachikulire wolankhula ngati akutafuna mtedza, ndiye anandiuza kuti lamulo la kuno limalola kukaitanitsa ndalama ya kutsika kwa mtengoyo kwa amene anakugunda, kupatula kukonzetsa kuja. Anati ndipeze loya. Ine m'malo mwa loya ndinakaonana ndi a Dunstan, mlembi wa mpingo, ndipo iwo anaitana akuluampingo anayi m'kachipinda ka kuseri kwa holo.

A Nkhwazi anaimirira, chipewa kumanja. Anati, "Ndinalakwa ndine, sindikukana. Vainess ndi mwana wanga, ndalama imeneyi ndimubwezera ndekha pofika Khirisimasi. Koma chonde zisapitenso kwa a inshuwalansi kapena kwa maloya. Andikwezera zolipira pamwezi, ntchito yanga ya vani ithera pomwepo. Ana anga adya chiyani?"

A Dunstan anatulutsa cholembera n'kufunsa ngati alembe m'buku la mpingo. Mkulu wina anati, "Aaa, zapachibale mpaka kulemba? Tonse tamva, Mulungunso wamva." Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndikanati chiyani, Ababa? Kunena kuti lembani kukanakhala kumutcha wabodza munthu wa imvi pamaso pa anzake. Ndinati palibe chifukwa. Cholembera chinabwerera m'thumba, tinapemphera, tinagwirana chanza.

Ndatumiza K60,000 yokha, mundikhululukire, lendi yakwera. Theka musunge ya aganyu pokolola. Kuno akukamba za matenda a chifuwa ochokera kutali, m'masitolo sopo wa m'manja watha. Kaya zitha bwanji.

Mwana wanu,
Vainess


14 Febuluwale 2021

Ababa,

Ndafuna kumva ngati muli bwino nonse, chifukwa zimene tikumva za kumudzi mwezi wathawu n'zoopsa. Musamapite kumaliro alionse, ndapota nanu. Ndikudziwa muti mwamuna wamkulu sangakhale pakhomo mnzake akuikidwa, koma muli ndi zaka 74 inu. Ine ndilipo. Mu Novembala ndinagona masabata atatu, koma ndinadzuka, zambiri ndidzakuuzani pamaso.

Pepani pokhala chete nthawi yonseyi. Mwa nkhalamba khumi ndi imodzi zimene ndinkayendera, zinayi zinapita. Mayi wina wa pa nyumba zosanja za pafupi nafe, amene ankandisungira maswiti m'kabati, ndinakamupeza ndekha atamwalira, m'mawa nditabwera kudzamusambitsa. Tsiku lomwelo ndinayenderanso makomo asanu ndi awiri. Tisiye pomwepo.

Mwafunsa za Khirisimasi ija. Palibe chimene ndinalandira, ndipo sindinafunse. Mayi Nkhwazi, aja anali namwino, matendawa anawatenga pa 9 Januwale. Mayi amene anandigulira jekete yanga yoyamba, amene anandiphunzitsa kukwera basi ya kuno. Thupi silinapite kwawo ku Mzimba, tawaika konkuno, ndipo kumanda analola anthu makumi awiri okha. Enafe tinaonera pafoni, aliyense m'nyumba mwake, kuimba payekhapayekha. Ndinalira ngati tsiku limene tinaika Amayi. Ndinapereka chipepeso cha mapaundi 100. Ndiye munthu ali pachisoni chotere, ndingakagogode pakhomo pake kuti nanga za galimoto zija? Munandilera ndinu, yankho mukulidziwa.

Komabe musade nkhawa. Ndinaimbira Sellina, mnzanga wa kusekondale uja ali ku Leeds. Iyenso anagundidwapo, ndipo loya wake anamupezera ndalama ya kutsika kwa mtengo. Wandiuza kuti lamulo limapereka zaka zisanu ndi chimodzi kuchokera tsiku la ngozi, zikadutsa khoti silimvanso nkhani yako. Anachita kundiwerengera pa kalata ya loya wakeyo, si zam'maluwa ayi. Ndiye kuti nthawi ndili nayo mpaka Okutobala 2025. Tsikulo ndalilemba mkati mwa chikuto cha Baibulo. A Nkhwazi alire kaye mkazi wawo.

Clifton mumuuze kuti chaka chino sizitheka, apirire nafe. K90,000 ndatumizayo mugule shuga, mchere ndi sopo wambiri, mukhale pakhomo.

Ambuye akusungeni,
Vainess


27 Novembala 2022

Ababa okondedwa,

Moni wa kuno. Tione akuti magazi anu akuthamanga, ndipo mankhwala mukumwa pokhapokha mukakumbukira. Imwani tsiku ndi tsiku, musandikwiyitse ndili kutali. Ine ndikukankha. Magetsi ndi gasi zakwera kawiri, moti m'nyumba ndimakhala ndi jekete ndi chipewa, hita ndimayatsa ola limodzi m'mawa. Petulo wa kuntchito ndimathira ndekha, ndalama imene amatibwezera siikwana. N'chifukwa chake mwaona K150,000 yokha pamene feteleza wafika pomwe wafikapo. Gulani matumba awiri, kwinako muthire manyowa.

Tione wandiuzanso kuti m'mawa uliwonse mumakakhala pakhonde la chigayo, n'kumakalipira wantchito wa Clifton kuti sefa waika molakwika, lamba wamasuka. Akuti tsiku lina anakuyankhani kuti, "Madala, chigayochi si chanu." Nditamva ndinaimika galimoto pambali pa msewu, ndinalephera kuyendetsa. Ndani ameneyo wolankhula choncho kwa inu, pa simenti imene munaponda nokha? Koma inunso Ababa, mukusakanji kumeneko? Dikirani ndichiwombole, mudzakalipire muli mwini wake.

Za kuno ndi izi. Galimoto ikukalamba, tayala la kumbuyo kumanzere limadyeka mbali imodzi, ndasintha kachitatu. A kugalaja akuti ndi chitsulo chowongola chija. Mu Seputembala ndinalimba mtima, titaweruka mapemphero ndinawatsatira a Nkhwazi ku vani yawo. Ndinayambira kutali, kufunsa za ana, za ntchito, kenako ndinati kumudzi Ababa akumafunsa. Anandigwira paphewa. "Mwana wanga, sindinaiwale. Koma amayi ako agona popanda chiliza. Ndingayambe kugawa ndalama mkazi wanga ali pa dothi lopanda dzina? Achibale abwere kuchokera ku Mzimba, tiike mwala, kenako woyamba ndiwe."

Achibalewo mapepala awo akuchedwa, akuti mwina chaka chamawa. Vani ndi yatsopano, Ababa. Ndangonena, sindinatanthauze kanthu.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse ngakhale zivute bwanji, mundiuze kaye ine.

Wanu,
Vainess


10 Disembala 2023

Ababa,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndathokoza kumva kuti bondo lachitako bwino, ngakhale ndaona kuti dzanja lanu layamba kunjenjemera polemba. Ine thupi lilibe vuto, koma mtima ndiye uli m'malere.

Ndiye Clifton akuti popeza kwacha yagwa, chigayo tsopano ndi mamiliyoni khumi ndi asanu ndi limodzi? Anagula mamiliyoni asanu ndi awiri mwana ameneyu, injini mutangoikonzetsa kumene! Ndipo akuti pali munthu wa ku Balaka wokonzeka kudzazula injini ndi zonse. Chabwino, ndi malonda, sindimutukwana m'kalata yoti muwerenge inu. Mwachita bwino kumupempha kuti atidikire mpaka Febuluwale wa 2025. Ndawerengetsa. Zimene ndasunga, kuphatikiza zimene ndingapeze pogulitsa galimoto mmene ililimu, zikuperewera pafupifupi ndendende ndalama ya a Nkhwazi ija. Ikangobwera, chigayo n'chanu.

Chiliza tinavundukula mu Ogasiti, achibale anabwera atatu, ine ndinaphika masiku awiri. Ndinadikira miyezi itatu kuti zisaoneke ngati ndinkangoyembekeza mwala uikidwe. Loweruka lapitali ndinapita kwawo ku Gorbals, kunyumba yatsopano ya pafupi ndi mtsinje. Anandilandira bwino, tiyi wamkaka, mabisiketi. Emma, mwana wawo wamkazi amene akugwira ntchito ku ofesi ya inshuwalansi m'tauni, anandipatsa moni m'Chingerezi cha kuno n'kulowa kuchipinda.

Ndinagwada monga mwa mwambo n'kunena kuti chigayo chikupita. Anati vani yatsopano ija ndi yangongole, maliro ndi chiliza zinawatha, ndiwapatse chaka. Pamenepo ndinanena chimene ndakhala ndikuopa kunena zaka zinayi. Ndinati, "Bambo, mwina mungondilembera kapepala kakang'ono, ndiwatumizire Ababa kuti mtima wawo ukhale pansi." Nkhope inasintha. Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Vainess, unagona m'nyumba mwanga miyezi inayi. Ndinakulembetsa kapepala? Malemu akanamva izi akanalira."

Ababa, ndinapepesa ine. Ine wogundidwa ndinapepesa kawiri, ndinatsukanso makapu. Pobwerera ndinadzitukwana njira yonse kuchokera ku Gorbals mpaka ku Springburn. Pakamwa panga pamene amapaopa anzanga onse kuntchito, ndikafika pamaso pa bambo amenewa pamangouma. Ndikuchita manyazi kukulemberani zimenezi.

Ya Khirisimasi ndatumiza K200,000. Ikuoneka yambiri, koma mukudziwa nokha kuti masiku ano ndi mphepo. Ana a Tione awagulire nsapato, osati zoseweretsa.

Mwana wanu,
Vainess


22 Seputembala 2024

Ababa okondedwa,

Mwadzuka bwanji? Tione akuti munadwala malungo mu Julayi osandiuza. Musamandibisire, mwana wanu wamkulu ndine. Ine ndili bwino, ndipo lero ndikulemba ndi mtima wopepukako.

Nditaona kuti Febuluwale wa Clifton akuyandikira, ndinati zakwana. Ndinaimba ku ofesi ya maloya m'tauni, anandipatsa tsiku la Lachinayi likubwerali, pa 26. Kulakwa kwanga, ndinauzako mayi mmodzi wa kwaya. Mukudziwa mmene nkhani imayendera pakati pa Amalawi. Ndinamuuza Lachitatu, Lachisanu a Nkhwazi ndi a Dunstan anali pakhomo panga, koyamba chilowereni m'nyumba muno.

A Nkhwazi akukwatira pa 12 Okutobala, apeza mayi wina wamasiye wa ku Edinburgh. Anakhala pampando wanga wogwedera, misozi ili m'maso. Anati, "Mwana wanga, ukufuna kalata ya loya indipeze ndikukonzekera ukwati? Akuchikazi adzati mwana wawo akukwatiwa ndi munthu wa milandu. Ndipatse mwezi ndi theka basi. Ukwati ukadutsa, za perekaniperekani zikalowa, sabata yoyamba ya Novembala ndikupatsa yonse pamaso pa a Dunstan awa." A Dunstan anavomera ndi mutu, anati iwo ndi mboni. Anandipemphanso kuti ndikhale wamkulu wa zophika, akuti palibe wina amene amamudalira.

Ndinaganiza mofatsa. Zaka zisanu ndadikira, mwezi ndi theka n'chiyani? Ndipo akandinamizanso, lamulo likadali kumbali yanga chaka chathunthu, mpaka Okutobala wa chaka chamawa. Mawa ndiimba kwa maloya kuti tsiku lija alipereke kwa wina. Ndikudziwa kuti inunso mukanatero.

Choncho muuzeni Clifton kuti pofika Khirisimasi ndalama ikhala m'manja mwake, asalandire kalikonse kwa wa ku Balaka uja. Muyambe kufunsa mtengo wa sefa zatsopano ndi lamba, komanso munthu wokhulupirika woti azidzanyamula matumba, chifukwa bondo lanulo sindilikhulupirira. Ine ndapeza kale ntchito kunyumba yosungirako okalamba yoyendera basi imodzi, galimoto ikagulitsidwa sindivutika.

Alendo a ukwati ndi mazana awiri, nkhuku makumi asanu ndi limodzi. Mundipempherere msana.

Ndine wanu,
Vainess


17 Novembala 2024

Ababa,

Moni mwachidule, ndikulemba ndili m'galimoto pakati pa makomo awiri. Ndikhulupirira mvula yayamba ndipo mwadzala. Ine ndilipo.

Ukwati unayenda bwino, chakudya chinakwana, abusa ananditchula dzina pothokoza. Ndalama zinaponyedwa zambiri, ndinaona ndi maso anga madengu awiri.

Zija zachedwa pang'ono. Sabata yoyamba anali ku Edinburgh kokatenga katundu wa mkazi wawo, sabata ino akuti chimfine. Musamuuze kanthu Clifton, lonjezo ndi la Khirisimasi. Ndatumiza K100,000 ya obandira, Tione asabwerekeko.

Vainess


19 Januwale 2025

Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine sindili bwino, ndipo lero sindibisa. Muwerenge mutakhala pansi, Tione akhale pafupi.

Chimfine chija chitatha, foni yanga anasiya kuyankha. A Dunstan anati iwo tsiku lija anangoperekeza. Pa Khirisimasi ndinakhala chete chifukwa ndinkati ndikonza ndekha. Lachiwiri lapitali ndinapita kwa loya, mayi wamng'ono msinkhu wa Tione, nditatenga mapepala onse a kugalaja ndi a ogulitsa magalimoto mu envulopu. Anawerenga tsamba loyamba lokha, anayang'ana pa kalendala, n'kuvula magalasi.

Anati nthawi inatha. Ndinati ayi mayi, ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mnzanga wa ku Leeds anandiwerengera. Anati Leeds ndi ku England, kuno ndi ku Scotland, malamulo ndi osiyana. Kuno ndi zaka zisanu, ndipo zikakwana usanakasume, ngongoleyo imafa, siikhalaponso. Ababa, dziko limodzi, mfumu imodzi, pasitima maola anayi okha, ndani akanaganiza? Zanga zinakwana pa 6 Okutobala. Akuti ngakhale titawerengera kuchokera tsiku limene a inshuwalansi analipira kugalaja, zinakwana mu Disembala. Pa 6 Okutobala paja ine ndinali mu holo ya tchalitchi, ndikugawa ntchito kwa amayi ophika ukwati wawo.

Anandifunsa ngati bamboyo analembapo penapake kuti akuvomera ngongoleyi, kaya kalata, kaya uthenga wa pafoni, chifukwa zolembedwa zikanachititsa kuti zaka ziyambirenso kuwerengedwa. Tinafufuza foni yanga tonse awiri. Muli mavesi a m'mawa, muli mndandanda wa nkhuku. Za galimoto mulibe ngakhale liwu limodzi, nthawi zonse ankati tikambirane pamaso. Ndinati pali akuluampingo anayi amene anamva ndi makutu awo. Anati pepani, pa nkhani iyi zapakamwa sizithandiza.

Chomaliza ndi ichi. Akuti ndikanabwera tsiku limene anandipatsa mu Seputembala, akanathamangitsa mapepala kukhoti nthawi isanathe, ndipo olipira akanakhala a inshuwalansi amene anakonzetsa galimoto aja. M'thumba mwa a Nkhwazi simukanatuluka kanthu, popeza ngoziyo inali kale m'mabuku awo. Dzina lawo lokha ndi limene likanaoneka papepala.

Lero titaweruka mapemphero ndinawaimitsa pakhomo la holo, mkazi watsopano ali pambali. Sindinagwade. Ndinangoti, "Bambo, ndinapita kwa loya, akuti ndachedwa." Sanadabwe. Anakonza tayi, anati, "Ee, kuno ndi zaka zisanu, mwana wanga. Lamulo ndi la boma, si langa. Tizisiye m'manja mwa Ambuye." Ababa, ine zaka sindinazitchule. Ankadziwa. Tsiku lija anakhala m'nyumba mwanga akulira, ankadziwa kuti kwatsala masabata awiri.

Ndinalankhula. Zonse zimene ndakhala ndikumeza ndinazilavula pomwepo, anthu akumva, ana akuonerera, mpaka amayi a kwaya anandikokera kunja. Madzulo ano a Dunstan anditumizira uthenga wolemba bwinobwino kuti Lamulungu likudzali ndikaonekere pamaso pa akuluampingo chifukwa chonyoza mkulu.

Galimoto akuti angagule mapaundi 1,900. Ndaphatikiza ndi zonse ndili nazo, ndapempha ngongole kubanki andikana, kuntchito andikana. Sizikufika. Ndawerengetsa kanayi.

Sindikukuimbani mlandu, Ababa. Munandiphunzitsa kulemekeza akulu, kudikira anamfedwa, kusachititsa munthu manyazi pa ukwati wake, ndipo zonsezo ndinachita ndi mtima wanga wonse, palibe anandikakamiza. Ndakhala ndikudzifunsa kuti ndi pati pamene ndikanaleka n'kukhalabe mwana wanu, sindikupapeza. Inu mukapapeza mundilembere.

Muuzeni Clifton agulitse, asatidikirenso. Tione akuti sefa ndi lamba munagula kale mu Okutobala, mutagulitsa mbuzi. Akabweze kusitolo, akakana mumupatse wa ku Balakayo pa mtengo uliwonse. Ndipo tsiku limene adzabwere ndi lole kudzazula injini, ndapota nanu, musadzapiteko. Tione adzakutengeni m'mawa mupite kwa azakhali ku Bilira, mudzabwere atamaliza.

Ndine mwana wanu, amene munamugulitsira chigayo,
Vainess